Tsiku limene kunagwa sinowo ku Joni ine buluku linafuka utsi

Ine fodya ndinayamba kale amwene, ndili sitandade 7 ku Kasungu. Kwathu tinkalima bale ndiye ana tonse tinakulira m'chigafa kusoka masamba, manja ali bii ndi ulimbo uja wa fodya, ndipo agogo aamuna anali ndi kathumba kawo ka chingambwe komwe ankabisa kudenga kumaganiza kuti ife tilibe maso. Tinkatapako pang'ono n'kukapichira m'pepala la kope la masamu kuseri kwa nkhokwe. Nde mukamva kuti samu ndinalephera musadabwe, theka la kope ndinasuta.

Ku Joni ndinabwera 2016 ndipo fodya ndinabwera naye. Ngakhale 2020 muja boma la kuno linaletsa kugulitsa ndudu nthawi ya lockdown, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Ogasiti, anzanga ena anasiyira pomwepo koma ine ayi ndithu, ndinkayenda wapansi mtunda wautali kukagula tindudu tina tosadziwika kochokera, todula ngati nyama koma ukakoka kumamveka ngati ukusuta matiresi akale. Chimene chinandigonjetsa si boma, si adokotala. Ndi mwana wanga wa zaka zinayi. Tsiku lina mayi ake anatumiza voice note pa WhatsApp, ine kutsegula ndi chimwemwe kuti ndimve mawu a mwana, ndikungomva "adadi amatere, khooo khooo khrrr ptuu" kenako gulu lonse la pakhomo pa apongozi ku Salima kuseka mpaka foni kugwa. Pamapeto mayi a mwana anangoti, bambo a mwana mukabwera pa Disembala ndi chifuwa chimenecho mudzagona ndi mbuzi.

Mnzanga wina wa ku Zimbabwe amene amapenta nyumba ndi amene anandionetsa vepu. Kwa amene simunakaone, ndi kachitsulo kotalika ngati chala, mkati muli batire, pamwamba kathanki kothiramo timadzi tonunkhira, ndipo pansi pa thankiyo pali kawaya kopota komwe amati koilo. Ukadina batani kawayako kamatentha, madzi aja n'kusanduka nthunzi iwe n'kumakoka. Ndinagula ka mtengo wotsika, madzi ndinasankha a fungo la mango chifukwa chosowa kumudzi basi. Wogulitsa anadandaula nane kuti ndabwera mochedwa, kuyambira pa 1 Juni chaka chimenecho cha 2023 boma linaika msonkho wa R2.90 pa mililita iliyonse, ndiye kabotolo ka 30ml kokha msonkho unali R87 usanalipire madzi enieniwo. Ine tsoka langa ndi lomwelo, chinthu chimadikira ndichifune kaye kenako chikwere. Anesi kukiliniki nawonso sanandiombere m'manja, anati nikotini ndi yemweyo wangosintha malaya, vepuyo ikhale mlatho osati nyumba. Ndinavomera ndi mutu koma mumtima ndimati mayi inu simukudziwa komwe ndachokera.

Masabata atatu ndinakwanitsa osakhudza ndudu. Atatu! Ndinayamba mpaka kumalalikira anzanga pa sipaza, kaokala ka kuno.

Ndiye kunabwera Lamulungu la pa 9 Julayi. Kuzizira kwa usiku umenewo sindinakuonepo. Ine ndinkadzitama kuti chisanu ndimachidziwa, ndinagonapo pa Dedza mu Juni, chiperoni cha ku Blantyre chinandinyowetsapo, koma zonsezo ndi masewera a ana. Timakhala atatu m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, ine, alamu anga ndi mnyamata wina wa ku Mangochi, denga la malata lopanda siling'i, pansi simenti, ndipo nyumba za kuno anamanga poganizira dzuwa basi, mphepo imalowa pansi pa chitseko ngati nayonso imalipira lendi. Mbaula tinayatsa panja, kulowa nayo m'nyumba ayi, chaka chilichonse timamva za anthu ogona ndi mbaula osadzukanso ndiye ife tinaothera pakhonde mpaka makala kutha n'kukalowa m'mabulangete titavala chilichonse chimene tili nacho. Ine ndinagona ndi masokosi awiri kuphazi lililonse, chipewa, ndi jekete ya suti ya ukwati wanga. Kenako loadshedding, magetsi thii. Pawabanki inalipo imodzi ya alamu, yotsala ndi kadontho kamodzi, ndipo ndinayenera kusankha, foni kapena vepu. Ndinaganiza za mayi a mwana amene akapanda kundipeza pa foni m'mawa amayamba kufunsa kuti ndagona kuti, nde ndinatchaja foni. Vepu ndinaisiya pawindo. Pawindo amwene, malo ozizira kuposa onse m'chipinda muja.

Lolemba pa 10 ndinafika kuntchito cha ku Alberton komwe ndimasamala gadeni, kumwamba kuli kotuwa, mphepo ikucheka makutu. Payipi yothirira inali gwaa ngati ndodo, ndikaipinda ikungolira kuti tswa tswa. Ndili pakati posesa masamba ndinaona tinthu toyera tikutsika pang'onopang'ono. Kuno nthawi yozizira amatentha tchire kwambiri ndiye ine ndinati ndi phulusa, mpaka ndinatukwana chamumtima kuti anthu awa ndangosesa kumene. Kenako ndinati kaya wina wang'amba pilo. Kamodzi kanagwera padzanja n'kusungunuka, ndi pomwe adona anatulukira m'nyumba ndi gauni yogonera akukuwa ngati awina lotale, ana pambuyo, galu pambuyo, abwana nawo ndi kapu ya khofi akufotokoza kuti komaliza kugwa chonchi ndi 2012 ndipo yeniyeni inagwa 1981 iwo ali mwana wasukulu. Msewu wonse anthu kutuluka ndi mafoni. Azibambo a ndevu zawo kutsegula kukamwa kuyang'ana kumwamba ngati anapiye.

Sinowo amwene si matalala. Matalala timawadziwa, amabwera ndi ukali, amaboola fodya m'munda mlimi n'kulira. Iyi imatsika mwaulemu ngati ufa woyera ukupetedwa kumwamba, phokoso ilibe, ukangotembenuka kapinga yense wayera. Kukongola ndiye kukongoladi, koma amene anatumidwa kukafunditsa maluwa a adona ndi masaka ndi ine, opanda magolovesi.

Apa ndi pomwe chibaba chinandigwira. Amene munasutapo mukudziwa, kukazizira thupi limafuna utsi ngati mwana akufuna bere. Ndinathawira kuseri kwa shedi, kutulutsa vepu, kudina, kagetsi kangophethira katatu n'kuzima. Kudinanso, chimodzimodzi. Kuyang'ana m'thanki madzi aja alimba ngati uchi wa mu Juni, ndikapendeketsa sakuyenda. Ndinaimbira mnzanga wa ku Zimbabwe uja, iye anati usadandaule, batire ikazizidwa imakhala ngati yafa koma moyo ulimo, ingoifunditsa pamalo otentha pathupi, osati pamoto iphulika. Pamalo otentha pathupi. Ine ndinadzifufuza thupi lonse, m'khwapa mozizira, pamimba pozizira, m'thumba la ovolosi ndiye ngati mufiriji. Malo amene anatsala ndi kutentha anali amodzi okha ndipo sindikuuzani dzina lake, ndinangomasula lamba wa buluku lomwe ndinavala mkati mwa ovolosi n'kuilowetsa m'kabudula wamkati. Chitsulo chozizira chija chitakhudza khungu ndinaitana agogo anga amene anamwalira kalekale.

Chimene mnzanga uja anaiwala kundiuza, ndipo wogulitsa mwina ananena ine ndili kalikiliki kuwerenga chenji, n'chakuti kachipangizoka umayenera kudina batani kasanu kuti katsekeke usanakaike m'thumba. Komanso madzi aja akatenthedwa amasungunuka n'kumatuluka m'timabowo ta mpweya. Izi ndikuzidziwa bwino lero.

Podikira kuti ifunde ndinati bwanji ndionetse akunyumba zodabwitsazi, foni ili ndi moto, bandulo ilipo. Vidiyo kolo. Anayankha ali pakhonde ku Salima dzuwa lili phwee, mwana ali chosavala malaya. Ine ndi chimwemwe, mayi a mwana taonani, sinowo, ija ya m'mafilimu! Iwo sanayang'ane n'komwe kapinga. Anayang'ana pakamwa panga.

"Bambo a mwana, chikutuluka m'kamwa mwanucho n'chiyani?"

Ndinati ndi mpweya, kukuzizira. Ndipo poyankhapo chiutsi china chinatulukanso, chachikulu kuposa choyamba.

"Mwayambiranso eti? Masabata atatu omwe aja mumandinamiza?"

Ndinalumbira amwene. Ndinaonetsa dzanja, ndinasinthira foni dzanja lina n'kuonetsa linalo, ndinatsegula kukamwa mpaka kummero, koma munthu wobadwira m'mbali mwa nyanja amene chibadwire sanaonepo mpweya wa munthu ukuoneka ndi maso ungamuuze chani. Ndikamalumbira kwambiri utsi umachulukanso. Anaitana mayi awo. Apongozi anabwera akupukuta manja pachitenje, kuika nkhope pafupi ndi foni mpaka ndimangoona mphuno, n'kunena modekha kuti, "Bambo, ife ndi akulu, utsi timaudziwa. Nanga phulusa lonselo pansipo mwasuta ndudu zingati?"

Tsono inu mukudziwa mwambo, mkamwini sulankhula ndi apongozi uli chiimire ngati mtengo, ngakhale pa foni. Thupi linangochita lokha, ndinanjuta. Ndipo ponjutapo ntchafu inadina batani.

Batire ija inali itadzuka. Choyamba ndinamva kaphokoso, tsssss, ngati wina waponya kanyenya m'mafuta. Kenako kufunda, ndipo kwa kamphindi ndinayamikira kuti ah koma pamenepa nde bho. Kenako moto weniweni. Ndinadumpha kuchoka ponjuta paja mpaka m'mwamba, foni ili m'manja ikujambulabe, ndikukuwa mayo mayo, dzanja linalo likulimbana ndi zipi ya ovolosi yomwe zala zouma ndi chisanu zimalephera kuigwira, ndipo zipi itatseguka kanthunzi ka mango kanatuluka pamalo pomwe nthunzi siyenera kutulukira, apongozi akuonerera. Mawu omaliza amene ndinamva ndi a mayi a mwana akuti "amayi tachokani, tachokani" kenako nsapato inaterereka pa matailosi onyowa a m'mbali mwa swimming pool ndipo ndinakhala pansi ndi matako onse awiri. Mulungu yekha anandigwira kuti ndisalowe m'madzimo.

Nditaimirira, thanki yonse inali itakhuthukira mkati. Kutsogolo kwa ovolosi kuli chibanga chonyowa chotsika mpaka m'bondo, chonanda, chonunkhira mango okupsa. Galu wa adona, amene zaka zonsezi sanandikondepo, tsiku limenelo anandipeza mnzake wapamtima, mphuno yake osachoka pamalo pomwepo, ndikamukankha akubwerera. Adona anabwera akuthamanga atamva kukuwa, anayang'ana chibanga, anayang'ana nkhope yanga, n'kunena mwachifundo kwambiri kuti ndisachite manyazi, kuzizira kumatero ngakhale kwa akuluakulu. Ndinayesa kufotokoza koma chizungu chinathawa, chinatsala ndi mawu awiri okha, "mango" ndi "sorry". Anandipatsa buluku lakale la abwana lomwe munalowa anthu awiri a msinkhu wanga, ndi tiyi wa shuga zinayi.

Pofika masana sinowo yonse inali itasungunuka, kwatsala matope basi, ngati sikunachitike kanthu. Ine ndiye ndinali nditapsa kachigamba kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kuyenda motang'aza ngati ndakwera bulu tsiku lonse. Poweruka ndinalunjika pa sipaza ndipo sindinama, ndinagula ndudu imodzi ya loose, ndinati zingotha basi, mlandu ndaweruzidwa kale ndisanapalamule nde bola ndipalamule. Kupempha machesi. Kamtengo koyamba kuthyoka, zala sizikumva. Kachiwiri mphepo kuzimitsa. Kachitatu kanayaka bwinobwino koma mano anali akugundana chifukwa cha chisanu moti ndudu inapulumuka pakamwa n'kugwera m'chithaphwi. Ndinaiyang'ana ikumwa madzi. M'thumba munatsala ya takisi yokha. Mwini sipaza, amene ndinkamulalikira za kusiya fodya sabata yathayo, sananene kanthu, anangonunkhiza m'mwamba n'kufunsa kuti mango ndawapeza kuti mu Julayi. M'takisi mayi wina anafunsanso zomwezo.

Kunyumba mlandu unatenga masiku anayi. Zinatheka alamu anga atajambula vidiyo m'mawa mwake iwonso akutulutsa mpweya, ndipo poti iwo ndi dikoni sanasutepo, mayi a mwana anavomera theka, kuti chabwino za pakamwa zamveka, nanga za m'buluku? Vepu ndinagulira koilo ina, ndimadina kasanu ngakhale ndikungoiika patebulo, ndipo madzi ndinasintha, panopa ndi a minti a nikotini wochepa. Mango sindifunanso kumva.

Disembala ndinapita kumudzi, sindinagone ndi mbuzi. Koma mwana uja anasiya zotsanzira chifuwa, panopa akaona alendo amanjuta, n'kudumpha atagwira kutsogolo kwa kabudula akukuwa mayo mayo, ndipo mudzi wonse ukudziwa kuti ameneyo ndi adadi. Apongozi sananene chilichonse za nkhaniyo mpaka tsiku lonyamuka, pomwe anatuma mwana kudzanditulira dengu lodzaza mango a boloma, iwo ali chapatali atayang'ana kumbali, n'kuti, "Tamva mumawakonda bambo. Koma awa muike m'chikwama."