Ndinapita kukagula kwadi, ndinabwerako ndi usipa

Mpunga utandiyendera bwino chaka chatha, mutu unayamba kundiyabwa. Ife olima ku Lifuwu timalidziwa dothi la kudambo kuja: mvula ikagwa, njinga ya kabaza imaterereka ngati mlamba, ngolo imatitimira mpaka ng'ombe kumakuyang'ana ngati zikufuna kukutukwana. Choncho nditamva kuti mwini loji ina ku Senga Bay akugulitsa njinga zamoto ziwiri za matayala anayi, zomwe anyamata amazitcha makwadi, ndinati basi, mavuto anga atha.

Ina inali Yamaha Grizzly 700, inzake Kawasaki Brute Force 750. Milungu iwiri yathunthu ndinkagona mochedwa, maso pafoni, bandulo ikuthera pa injini. Ndinadziwa kuti ya Yamaha ili ndi silinda imodzi yaikulu ya 686cc, pomwe ya Kawasaki ili ndi masilinda awiri ofika 749cc. Ndinadziwanso kuti iliyonse imalemera makilogalamu pafupifupi 300, kunena kwake matumba asanu ndi limodzi a mpunga. Ndikakhala pa bawo ndinkangoyankhula za masilinda mpaka anzanga anayamba kundithawa.

Alamu anga, omwe amakonza njinga pa Kamuzu Road, anandilangiza bwinobwino.

"Alamu, tengani ya silinda imodzi. Ikadwala tidzaiona mosavuta. Komanso mafuta akusowawa, mudzakwanitsa kudyetsa pakamwa pawiri?"

Mayi akunyumba anali ndi funso lawo: "Bambo, inu njinga yomwe munayendetsapo ndi ija ya 125 yobwereka, ija munagwa nayo pa chulu. Izi mukuzidziwa?"

Ndinawayankha kuti njinga ya matayala anayi siigwa, ili ngati tebulo. Ndipo mumtima ndinali nditasankha kale, chifukwa ngakhale mwana wa Sitandade 2 amadziwa kuti 750 imaposa 700.

Loweruka m'mawa ndinavala shati yoyera ndi nsapato za kutchalitchi, ndalama ndili nazo m'sokosi. Mnyamata woyang'anira njingazo anali atazitulutsa kale pamchenga, zitatsukidwa mbee. Kutsogolo kwathu kunali nyanja ili phee, chilumba cha Namalenje chikuoneka patali, ndipo chakumanja amayi anali atayanika usipa pa thandala, wogwidwa usiku womwewo.

"Bwana, munayendetsapo?" anafunsa mnyamatayo.

"Achimwene, ine njinga ndinayamba kuyendetsa inu musanabadwe."

Anayesa kundifotokozera ndithu. Anandionetsa kandodo ka giya, kuti apa ndi kutsogolo, apa giya yamphamvu yokokera katundu, apa rivesi. Anandionetsa batani lopangitsa kuti matayala onse anayi azikoka. Kenako anayamba kunena za kachitsulo kena kali kunsi kwa handulo ya kumanja, koma ine ndinali nditaona kuti amayi a pa thandala aja akundiyang'ana, ndiye ndinamudula pakamwa n'kukwera.

Chomwe ankafuna kundiuza n'chakuti kwadi sapatsa moto popotokola handulo ngati kabaza. Moto wake uli pa kachitsulo kaja, umakankha ndi chala chachikulu. Ine ndinapotokola handulo, ziii. Ndinapotokolanso, ziii. Ndiye ndinati mwina yalimba ndi dzimbiri, ndigwire mwachimuna. Ndinafumbata handulo yonse pamodzi ndi kachitsulo komwe.

Abale, chinthu chija chinabangula n'kudumpha ngati ng'ombe yolumidwa ndi mavu. Matayala akutsogolo ananyamuka, chipewa chinatsala pomwepo. Tsono vuto lake ndi ili: munthu ukachita mantha umagwiritsitsa, ndipo pamenepa ukagwiritsitsa ndiye kuti ukuwonjezera moto. Mantha akakula, liwiro likukula, liwiro likakula, manthanso akukula. Buleki inali pomwepo pa zala zanga, koma mutu unali utapita kutchuthi. Ndinayesa kupendekera kumanzere monga timachitira pa njinga wamba, tebulo langa lija silinamve kanthu.

Thandala loyamba ndinalipita pakati. Usipa unauluka m'mwamba n'kumandigwera ngati matalala, wina m'kolala, wina m'thumba la shati, umodzi unandilowa m'kamwa chifukwa ndinali ndikukuwa kuti "Mayo ine!" Lachiwiri ndinalitenga lonse, likukhwekhwerezeka pambuyo ngati mchira. Galu wina amene anagona pansi pake sindikudziwa ngati anabwereranso ku Senga Bay.

Nyanja ndi yomwe inandiimitsa. Ndinalowa mpaka madzi kufika pampando. Mnyamata uja anandiuza pambuyo pake kuti njinga zimenezi zimakoka ndi lamba, ndipo madzi akalowa m'bokosi la lambayo amangoterereka, injini n'kumalira koma matayala osayenda. Zinalidi choncho. Ndinakhala pamenepo ngati mfumu pa mpando, injini ikukuwa, ine ndikukuwa, mpaka iye anafika akusambira n'kuthimitsa. Anachita kundikanganula chala pa kachitsulo kaja.

Alovi omwe ankasoka chilimira anabwera ndi chingwe. Anamanga njinga ija n'kuyamba kukoka ngati khoka, wina akutsogolera nyimbo, ena akuvomera, ine ndidakali pamwamba chifukwa miyendo inakana kutsika. Ana anasonkhana gombe lonse. Wina anakuwa kuti, "Lero agwira kampango wovala shati!"

Kumtunda ankandidikira mayi mwini usipa, manja ali m'chiuno. Sanakalipe ayi, ndipo zinandiopsa kwambiri n'zimenezo.

"Bambo, mwafika bwino? Katundu wanu ndi uyu. Ndowa zisanu ndi imodzi. Thandala tiwerengera padera."

Ndinati, "Mayi, wina uja ndi wabwinobwino, ungofunika kukung'untha mchenga."

"Ndiye mukakung'unthe kwanu."

Ndinavula nsapato pamaso pa anthu onse n'kutulutsa ndalama zonyowa m'sokosi. Tinaziyanika pa thandala lomwe linatsala, aliyense akuwerenga nane mokweza. Nditalipira usipa, thandala, alovi okoka, ndi mafuta atsopano a mu injini poopa kuti madzi analowamo, zotsalazo sizikanagula ngakhale ya 700 imene ndinkainyoza ija.

Ndinabwerera pa kabaza ziwiri, ina yanga, ina ya matumba. Mayi akunyumba anayang'ana matumbawo, anayang'ana ine, kenako anafunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Nanga iyi ndi ya masilinda angati?"

Ku Lifuwu tsopano dzina langa ndi Seveni-fifite, ngakhale abusa amandiitana choncho. Usipa uja tikudyabe. Amautsuka katatu, koma ukatafuna umamvabe kuti gwede, ndipo ana akamva gwede amayang'ana ine. Dzulo alamu anabwera kudzandiuza kuti ya silinda imodzi ija ikadalipo ndipo mtengo watsika. Ndawauza kuti adikire kaye, patsala matumba awiri.