Lachitatu, kumigodi ya malasha pa Chiweta

Alamu anandidzutsa nkhuku zisanalire. Akhala akundinena kuti ndimangodya ndalama za malasha osadziwa komwe amachokera, ndiye lero ndinakwera nawo lole kuchokera ku Mzuzu.

Potsika mapiri a Chiweta ndinakhala chete ngati ndili pamaliro. Msewu wa M1 pamenepo umakhotakhota, nyanja ikuwala kumunsi, mabuleki akununkha. Alamu amangoimba kaluzu.

Dera lino, m'munsi mwa Livingstonia m'boma la Rumphi, ndi kwawo kwa malasha. Migodi yodziwika ya Kaziwiziwi ndi Mchenga inayamba m'zaka za m'ma 1980, koma ife tinapita kumgodi wina waung'ono, wokhotera kamsewu kafumbi. Khomo lake ndi dzenje lolowa m'mbali mwa phiri, denga atalichirikiza ndi mitengo. Anyamata amalowa chowerama, piki m'manja, tochi pachipewa, n'kutuluka akukankha wilibala. Mmodzi anabwera kudzandipatsa moni wa Chitumbuka. Nkhope yonse bii, koyera ndi maso ndi mano basi. Atatsokomola n'kulavula, malovu ake anali akuda. Ndinayang'ana kumbali, sindikudziwa kuti manyazi anali a chiyani.

Ndinatola chibulumwa chimodzi. N'cholemera, chonyezimira ngati galasi losweka, chosiyana kutali ndi makala athu a mbaula. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa nsima ndi usipa pageti ngati amaphikira malasha. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Achimwene, utsi wake mungaupirire? Ndiwo zinganunkhe. Ife ndi nkhuni."

Ndiye malasha onsewa amapita kumwera, kukatenthetsa maboila m'mafakitale a fodya ku Kanengo ndi kwa opanga simenti. Eni dera amatsala ndi fumbi pamasamba a chinangwa.

Kupakira kunatha cha m'ma 2 koloko, ndipo mavuto anayambira pomwepo. Dizilo amene tinamwetsa dzulo anali wochepa, poti titaima pamzere maola atatu anatipimira. Alamu anagogoda thanki, ikulira ngati ng'oma. Kukwera Chiweta ndi katundu, mafuta amenewo sakanatifikitsa pa Phwezi.

Chomwe chinandiwawa n'chakuti titakhala pamsewu, mathankala amafuta amatidutsa motsatizana. Amachokera ku Dar es Salaam, kulowa pachipata cha Songwe, kudutsa Karonga, n'kupitirira osaima. Ndinawerenga asanu ndi limodzi. Ukuwaona mafuta ndi maso, koma kuwagwira ayi.

Anatipulumutsa ndi mnyamata wa kabaza. Anatenga zigubu ziwiri, n'kulowera cha ku Chitimba, pobwera zili zodzadza. Mtengo wake sindilemba pano, akazi a alamu amawerenga zolemba zangazi. Alamu ananunkhiza kaye, n'kudonthezera pachala kuona ngati sanasakanize ndi parafini, kenako tinasefa ndi kansalu pothira.

Tafika ku Mzuzu usiku, lole ikukwera phiri ngati nkhalamba. Ndasamba kawiri koma m'mphuno mukutulukabe zakuda. Chibulumwa chija ndachiika pawindo. Mwana wanga wachinyambita kale, akuti ndi mwala wamba. Mawa alamu akupitirira ku Lilongwe, ndipo panopa ali panja akuimbira anzawo foni kufunsa komwe dizilo wafika.