Mmene ndinapezera lipoti la ndege ya mafuta imene inagwa ku Alaska

Chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa mu June 2024 ndinayamba chizolowezi chowerenga malipoti a ngozi za ndege, ndiye mnzanga atanditumizira kavidiyo ka ndege ikuyaka ku Alaska ndinati iyinso ndiyifufuze ndekha, za pa WhatsApp ndinasiya kuzikhulupirira.

Nkhani yake ndi ya pa 23 April 2024. Ndege yakalekale ya mainjini anayi, yopangidwa m'ma 1940, inanyamuka ku Fairbanks itasenza mafuta kupita ku Kobuk, kamudzi kakumpoto komwe kulibe msewu wochokera kwina. Patangopita mphindi zochepa inagwera m'mbali mwa mtsinje wa Tanana, oyendetsa onse awiri anafera pompo.

Ku America ngozi zotere amafufuza a NTSB, bungwe la boma loona za ngozi za maulendo, pa webusayiti yawo pali posakira potchedwa CAROL. Ine ndinangolemba DC-4 monga anyuzi amaitchulira, ndinazungulira mpaka bandulo kutsala pang'ono kutha, kenako ndinazindikira kuti mtundu womwewu wausilikali ndi C-54. Chachidule ndi nambala yolembedwa pathupi pa ndege, za ku America zimayamba ndi N, iyiyi ndi N3054V. Detinso chenjerani, iwo amayamba mwezi, 04/23, ine ndinatembenuza ndiye sizimatheka, mwezi wa 23 unayamba wakhalapo?

Mukatsegula mupeza malipoti awiri. Loyamba limatuluka pakangotha masabata ochepa ndipo silinena chifukwa, limangofotokoza zimene mboni zinaona, nthawi, nyengo. Ambiri amathera pomwepa nkumakangana. Lomaliza limatenga chaka kapena ziwiri, muthamangire pamene alemba probable cause, kutanthauza chimene akuganiza kuti chinachititsa ngoziyo. Palinso docket, mulu wa zithunzi ndi zikalata za okonza ndege, koma imeneyo dikirani wayifayi.

Chinandikhalitsa chete ndi chifukwa chakecho. Ndinkayembekeza chipale kapena mphepo, koma ayi, akuti injini yakumapeto kumanzere inasiya kukoka, nati ina ya paipi ya oyilo inamangidwa molakwika, ndiponso thanki ya m'phiko imadontha mafuta chifukwa sinakonzedwe bwino. Mafuta aja anagwira moto nkuphulika, injini yonse kuthothoka. Ndime ya nati ija ndinaiwerenga katatu, tiyi mpaka kuzizira pa tebulo.