Kalasi sitinamudumphitse, masamu okha basi

Kwathu anthu akangomva kuti mwana ndi wanzeru, mawu oyamba amakhala akuti mudumphitseni ameneyo, akungotaya nthawi. Ifenso tinakula choncho, mnzako wa Sitandade 3 mawa lake ali mu Sitandade 4 ahedi atangolamula basi. Nde amalume ake a mtsikana wathuyu atamva kuti masamu amamaliza madamu asanatule choko, kenako nkumasokoneza anzake chifukwa chosowa chochita, voice note inabwera usiku womwewo, akuti mlamu musachedwe, mupulumutsa fizi ya chaka chonse.

Kuno ku Johannesburg sizimayenda choncho. Kusukulu anati tikaonane kaye ndi educational psychologist, katswiri wa kaganizidwe ndi kaphunziridwe ka ana, amuyeze mwanayo alembe lipoti, ndipo ndalama yake nde musafunse. Lipotilo linati masamu ndi kuwerenga Chingerezi ali patali, zina zonse ali ngati anzake a zaka 7.

Chomwe chinandibweza ine ndi kalasi yomwe akanagweramo. Amamaliza Grade 2, nde kudumpha kwake kukanakhala kusiya Grade 3 nkukalowa Grade 4, pomwe pali mpanda weniweni mu CAPS, silabasi ya boma ya kuno. Kuyambira Grade R, kalasi ya ana asanalowe Grade 1, mpaka Grade 3 ndi Foundation Phase, maphunziro osapitirira 4, madamu mmodzi tsiku lonse amene amadziwa ngakhale mwana amene sanadye. Grade 4 maphunziro amakhala 6, kwabwera Natural Sciences and Technology, kwabwera Social Sciences, zolemba zambirimbiri, pomwe mwana wanga mutu umathamanga koma dzanja ayi, akalemba mizere isanu wayamba kale kugwedeza zala kuti zikuwawa. Ndiye pali Afrikaans. Kunyumba kuno ndi Chichewa, mu taxi ndi Chizulu, Afrikaans yo palibe angamuthandize, ine ndimangodziwa dankie basi, nde aphonyenso chaka chathunthu cha chilankhulo chimenechi? Ayi ndithu.

Komanso ndi wamng'ono kale mkalasi mwake. Lamulo la kuno limalola mwana wa zaka 5 kulowa Grade 1 ngati akwanitse 6 pofika 30 June, iyeyu ndi wa May nde analowera pamenepo. Tikanamudumphitsa matric, mayeso omaliza sekondale, akanalemba ali ndi zaka 16, kenako univesite pakati pa anyamata andevu, mu Joni muno. Bambo ake atawerengetsa zimenezi anangoti zii.

Tinagwirizana ndi sukulu kuti akhale mu Grade 3, koma nthawi ya masamu azinyamula pensulo ndi kope lake nkupita ku Grade 4. Kunena nkosavuta koma timetable inavuta, makalasi awiriwo masamu samaphunzira nthawi imodzi, madamu ake ndi amene anadzipereka nkusuntha phunziro lawo, Mulungu awadalitse mayi amene uja. Masabata oyamba ankabwera atakwiya kuti ma fraction akumuvuta, ine mumtima ndinkangosangalala, chifukwa chiyambire sukulu anali asanakumanepo ndi chinthu choti achiganizire kawiri. Pano akulimbikira kuti adzalembe nawo South African Mathematics Challenge, mpikisano wa ana a Grade 4 mpaka 7.

Mutu ukundiwawa ndikaganiza za Grade 7. Pulayimale kuno imathera pomwepo, masamu a Grade 8 ali ku high school, ndipo yapafupi ndi ife ndi ulendo wa taxi. Ahedi akuti tidzakambirana nthawiyo ikakwana, koma ine ndayamba kale kufunsa makolo ena ku tchalitchi.