Machava, bwalo la agogo anga

Dzulo tikuonera Mambas, timu ya mpira ya dziko lathu la Mozambique, pa TV kumsika wa Ulongwe, mnyamata wina amvekere bwalo lathu ndi Zimpeto basi, ine mtima kuwawa. Inde Zimpeto ndi lokongola, anamanga Matchaina, linatsegulidwa 2011 nkuchititsa All-Africa Games chaka chomwecho. Koma Machava abale, bwalo lija la pafupi ndi Maputo! Analitsegula 1968 likutchedwa Estádio Salazar, gemu yoyamba Brazil inachinya Portugal 2-0, ndiyeno pa 25 June 1975 Samora Machel analengezera ufulu wathu pomwepo, mbendera ya Apwitikizi ikutsika pakati pausiku. Agogo anga anamvera pa kawailesi komanga ndi mphira, anthu atadzaza pakhonde, mpaka lero akamafotokoza misozi imalengeza m'maso, chonsecho ku Maputo sanapondeko nkomwe.