Ulendo wa ku Harare: foni ili m'manja, koma kumudzi sikufikika

Tinanyamuka ku Blantyre mbandakucha, amayi 14 a mumpingo mwathu ndi anyamata awiri amene amaphunzitsa kompyuta. Tinatulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi ku Tete dzuwa likuswa mtengo, kulowera pa Nyamapanda, mpaka Harare kutada. Za mizere ya pachipata sindinena, amene anayendapo akuidziwa.

Anatilandira abale athu a CCAP a ku Mabvuku, dera lina la mu Harare, zidzukulu za makolo amene anapita kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu nthawi ya Rhodesia. Chichewa chawo chimasakanikirana ndi Chishona, koma nyimbo tinayimba buku limodzi popanda wotsalira. Cholinga chathu chinali kuphunzitsana kagwiritsidwe ntchito ka foni ndi intaneti. Ine ndinapita ndili ndi maganizo oti poti kuno ndi mzinda waukulu, ife ndi amene tikaphunzire. Pang'ono zinalidi choncho. Atsikana a kumeneko amagulitsa zovala pa WhatsApp, ndalama n'kulandirira pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni imene inayamba mu 2011, ndipo anatisonyeza kajambulidwe ka katundu kokopa ogula.

Koma tsiku limene silichoka mumtima mwanga ndi lachitatu, pamene tinapita ku Epworth, dera la kunja pang'ono kwa Harare. Kumeneko nyumba zambiri zilibe magetsi, foni amakatchajitsa kwa amene ali ndi sola. Tinakhala pamphasa ndi agogo ena a Naphiri, obadwira konko, bambo awo ochokera ku Dedza. Anatulutsa foni yabwino ndithu, atayikulunga m'kansalu. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, mumayankhula nawo abale a kumudzi?"

Anayankha kuti, "Mwanangu, laini imeneyi si yanga, ndi ya mdzukulu wanga. Ine chitupa ndilibe."

Apa m'pamene ndinamvetsa nkhani yonse. Kuti munthu alembetse laini ya foni ku Zimbabwe pamafunika chitupa, monganso kwathu. Ambiri mwa ana a matchona anakhala zaka ziphaso zawo zitalembedwa kuti ndi alendo, ena osapatsidwa n'komwe. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anavomereza kuti wobadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'maiko a SADC ndi nzika, ndipo Chichewa chinaikidwa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe lamulo kulembedwa n'kwina, kuti gogo wopanda kalata yakubadwa atenge chitupa n'kwinanso. Wopanda chitupa alibe laini, wopanda laini alibe akaunti ya ndalama ya pafoni. Ndalama zimene mwana wawo amatumiza kuchokera ku Johannesburg zimafikira m'dzina la wina, ndipo agogowo amangouzidwa kuti zabwera zakuti.

Vuto lina ndi bandulo. Anthu ambiri amene tinacheza nawo amagula ya WhatsApp yokha chifukwa ndiyo yotchipa. Wina akakutumizira adiresi ya tsamba la ntchito kapena fomu ya sukulu, ukadina sizitseguka. Mnyamata wina wa Fomu 4 anatiuza kuti phunziro la kompyuta analemba m'kope, koma mausi anaigwira koyamba tsiku limenelo pa laputopu yathu. Dzanja linkanjenjemera. Patatha ola limodzi anali akuphunzitsa anzake. Nzeru anawa ali nazo, chimene akusowa ndi chipangizo ndi magetsi basi. Pobwerera tinadzera ku Borrowdale, dera la anthu olemera, kumene madenga ali mbuu ndi masola, ena ndi timbale ta Starlink, intaneti ya pasetilaiti imene inaloledwa m'dzikomo mu 2024. Mzinda womwewo, ulendo wosakwana ola. Zinandipweteka.

Anyamata athu anali atakonza phunziro la imelo ndi kulemba makalata, koma analisiya. M'malo mwake anaphunzitsa azigogo kutumiza uthenga wa mawu, poti safuna kulemba kapena kudziwa Chingerezi: kudina, kugwira, kuyankhula, kusiya. Anawachenjezanso kuti nambala yachinsinsi sapatsa munthu, ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa ku kampani. A Naphiri anatchula mudzi ndi mfumu ya kwawo kwa bambo awo. Mayi wina wa m'gulu mwathu ali ndi mlamu ku Dedza, ndipo anamutumizira mawu awowo pomwepo. Yankho linabwera mawa lake, kuti mudziwo ulipo ndipo akafunsa kwa amfumu.

Tisanatsanzikane tinagwirizana kuti laputopu imodzi itsale kutchalitchi cha ku Mabvuku, achinyamata aziphunzitsana Loweruka lililonse, ndipo akuluampingo alembe maina a okalamba opanda zitupa kuti aziwaperekeza ku ofesi yolembetsa. Ife tasonkha kale ya sola yaing'ono ya ku Epworth, yatsala ya batire. Amene angathandizepo aonane ndi mlembi wathu likatha pemphero la Lachinayi.