Mmene ndinalumikizira intaneti pa waya wa foni kuno ku Leicester, England

Titasamukira nyumba ino tinapeza kuti fayiba, intaneti yothamanga kwambiri ija, sinafike mumsewu wathu, yomwe inalipo ndi ADSL basi, intaneti yoyenda pa waya womwewo wa foni ya m'nyumba. Ndinali ndi rauta ya TP-Link yomwe alamu anga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, ndiye ndinati ndigulirenji ina pomwe iyi ilipo.

Ndinayamba ndi kulakwitsa. Ndinaiplaga pa soketi ya kuchipinda chifukwa ndi komwe ndimafuna izikhala, kagetsi ka pa rauta kolembedwa DSL kanangokhala kakuphethira usiku wonse osakhazikika, ine nkumati rautayi yafa. Kagetsi kameneka mukamvetse bwino, kakamaphethira ndiye kuti rauta sinagwirane ndi makina a ku exchange, komwe mawaya a foni a m'dera lonse amakathera, ndipo pamenepo nthawi zambiri kusintha ma setting nkungotaya nthawi, vuto limakhala pa waya.

Mmawa ndinapita pa master socket, soketi yaikulu pomwe waya wochokera panja umalowera, kwathu ili kuseri kwa chitseko cha pakhomo. Ukamasula tizisikulu tiwiri chivundikiro chakutsogolo chimachoka ndipo mkatimo muli soketi ina yoyesera, test socket, yomwe imadula mawaya onse a m'nyumba nkusiya wa panja wokha. Ndinaikapo microfilter, kabokosi ka mabowo awiri, lina la foni lina la rauta. Kamalekanitsa mawu ndi data poti zonse zimadutsa waya umodzi, mawu pa ma frequency otsika data pa okwera, popanda iko foni imachita phokoso intaneti nkumaduka. Pasanathe mphindi ziwiri kagetsi kanakhazikika nji! Kani wolakwa anali waya wakale wodutsa pansi pa kapeti uja.

Koma intaneti inalibebe. Ndinalumikiza laputopu ndi kebulo, pa browser ndinalemba 192.168.1.1, adiresi ya tsamba la ma setting a rauta, nkulowa ndi dzina admin pasiwedi admin (alamu sanasinthe nkomwe zaka zonsezi). Apa ndi pomwe ndinaseka ndekha, rauta inali ikuganizabe kuti ili ku Joni, ma setting olumikizira ku kampani ya intaneti anali PPPoE ndi VPI 8, VCI 35, zomwe ndi za ku South Africa. Kuno ADSL yambiri imafuna PPPoA, VPI 0, VCI 38, encapsulation nkusankha VC-Mux. Dzina ndi pasiwedi zolumikizira intaneti zinali mu imelo ya kampani yomwe ndinalembetsako, ndinakopera ndi kaspesi kumapeto inakana kawiri mpaka nditakaona. Nditasintha zonsezi nkuseva, rauta inazima nkuyakanso, kagetsi ka Internet kanayaka, WhatsApp ya madam nkuyamba kulira mauthenga a kumudzi motsatizana.

Ndisanatuluke ndinasintha pasiwedi ya admin ija komanso ya wifi, ndinaika chitetezo cha WPA2, ana a neba ndi ochenjera kuposa ife.

Liwiro musayembekezere zambiri, ADSL2+, mtundu wothamanga wa ADSL, imafika 24 Mbps papepala koma ukatalikirana ndi exchange imatsika, ife timapeza cha mma 9, video call yokwana ndithu bola ana asakhale pa YouTube nthawi yomweyo. Masiku 10 oyamba rauta isamazimitsidwe usiku chifukwa makina a ku exchange amayesa kuti waya uli ndi vuto nkutsitsa liwiro dala, izi tinakangana nazo ndi madam omwe amazimitsa chilichonse pogona kuopa bilu ya magetsi. Pano rauta ikukhala pakhomo pamwamba pa shelefu ya nsapato, ndipo pa switch yake ndinamatapo tepi.